Zolemba za ntchito: kujambula konsati ya nyimbo zauzimu m'tchalitchi chakale ku Mangochi

Sabata yoyamba: kuyendera malo

Malo ake ndi tchalitchi chakale cha mishoni, cha njerwa zootcha, chapafupi ndi madzi. Mkati mwake ndi mamita 28 kuchokera pakhomo lalikulu kukafika kuguwa, m'lifupi mamita 11, ndipo pamsonga pa denga ndi mamita 9. Denga ndi la malata, lopanda siling'i. Pansi ndi simenti. Mabenchi amakwana anthu 300 akathinana. Kwaya ili ndi anthu 36, otsogolera nyimbo 4, kiyibodi, gitala, besi, ng'oma zachizungu, ng'oma ziwiri zachikopa ndi visekese. Eni ntchito akufuna kanema wa nyimbo 14 woika pa YouTube, wina wopereka ku wailesi yakanema, komanso nyimbo zomwezo pazokha zomvera pafoni.

Matchalitchi amtundu uwu m'boma lino anamangidwa kale magetsi asanafike. Tauni ya Mangochi inayamba mu 1891 ndi dzina loti Fort Johnston, ndipo amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anali kale pantchito m'mbali mwa nyanja. Sitima yawo ya Chauncy Maples inalumikizidwa kwa Mponda n'kulowa m'madzi mu 1901. Omanga a nthawi imeneyo ankafuna kuti wansembe akalankhula paguwa, wokhala pabenchi lomaliza amve popanda chokuzira mawu. N'chifukwa chake makoma ndi olimba, denga lalitali, ndipo mawu sathawa msanga. Kwa kwaya yoimba pakamwa pokha imeneyi ndi mphatso. Kwa ng'oma ndi besi ndi vuto lalikulu kuposa onse pa ntchito ino.

Tayesa kubwerera kwa mawu pophulitsa chibaluni pakati pa tchalitchi chopanda anthu n'kujambula ndi maiki imodzi. Phokoso likutenga masekondi 2.8 kuti lizilale. Nyimbo zambiri zovina za kwayayi zili pa liwiro la mabiti 120 pa mphindi, kutanthauza kuti ng'oma imagunda pa theka lililonse la sekondi. Kugunda kumodzi kusanathe kumveka, kwina kasanu kwalowa kale pamwamba pake, ndipo zonse zimasanduka phala. Anthu akadzaza, matupi ndi zovala zimameza gawo la phokosoli, koma osati lonse. Chigamulo chatuluka pomwepa: nyumbayi sitilimbana nayo powonjezera masipika. Tichepetsa phokoso lochokera kwa oimba zida, ndipo kwaya tiisiya kuti nyumba iithandize monga inamangidwira.

A komiti ya tchalitchi apereka malamulo awo ndipo ndi omveka: osakhoma msomali pakhoma, osaboola thabwa lililonse, osamangirira chinthu ku mitanda ya denga, osaika chida chilichonse pa tebulo la paguwa. Njerwa zakale zomangidwa ndi laimu zimanyenyeka ukangozikhudza ndi chitsulo, ndipo tepi yamphamvu imachoka ndi penti. Zonse ziima pa masitandi. Nyumba ikakhala yotetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, pamafunikanso kudziwitsa a Department of Museums and Monuments musanasunthe kanthu, choncho funso limenelo lizifunsidwa tsiku loyamba.

Sabata yachiwiri: zilolezo ndi nthawi

Zamapepala zayenda popanda chovuta. Mwa nyimbo 14, 9 anapeka ndi a m'kwaya momwemo, ndipo asayina kalata yolola kuti zijambulidwe. Tawalangiza kuti azilembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, kanema asanatuluke, osati pambuyo. Zitatu ndi nyimbo zakale za m'buku. Ziwiri ndi za oimba ena, ndipo imodzi yachotsedwa pa ndandanda chifukwa mwini wake sanayankhe. M'malo mwake mwalowa ya Chiyao yomwe kwaya imaimba kale. Ana 6 a m'kwaya makolo awo asayinira. Pakhomo padzakhala chikalata chodziwitsa olowa kuti nkhope zawo zikhoza kuoneka.

Nthawi ndiye yatenga kukambirana kwakutali. Tsiku laikidwa kumapeto kwa Okutobala, mvula isanakhazikike, chifukwa mvula pa malata opanda siling'i imapha ntchito yonse. Palibe makina ochotsera phokoso limenelo osaononga mawu a kwaya. Masana sitingajambule. Kutentha kwa Mangochi mwezi uno kumapitirira madigiri 35, chigayo cha kuseri kwa msika chimalira mpaka cha m'ma 5, ndipo dzuwa lolowera pa mazenera a kumadzulo limasintha kuwala mphindi iliyonse. Dzuwa likulowa cha m'ma 5:40.

Pali mizikiti iwiri yomwe zokuzira mawu zake zimamveka bwinobwino mkati mwa tchalitchi. Azana ya kulowa kwa dzuwa imamveka konsati isanayambe, koma ya usiku imabwera cha m'ma 7, pakati penipeni pa pulogalamu. Awa ndi anansi a tchalitchichi kuyambira kale ndipo palibe chowapempha. Ndandanda ndiyo yasinthidwa. Tiyamba 6:10 ndi nyimbo zovina, tipuma 6:50 mpaka 7:15 pomwe oyendetsa mwambo azilankhula ndipo ife tizisintha makadi ndi mabatire, kenako nyimbo zofatsa zopanda zida zibwere kunja kutakhala bata. Tithe 8:45 kuti anthu apeze kabaza.

Sabata yachitatu: magetsi

Tchalitchi chili ndi masoketi atatu pa waya umodzi wakale. Choyesera chaonetsa kuti waya wa ethi, woteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi, sunalumikizidwe kulikonse. Soketi ya ma amp 13 pa mavolti 230 imanyamula pafupifupi mawati 3,000, ndipo zathu zonse pamodzi zikupitirira pamenepo: nyale zili pa mawati 2,200, zamawu ndi zamakamera pafupifupi 1,500. Ngakhale zikanakwana, waya wopanda ethi ndi woopsa kwa munthu wogwira gitala uku mlomo uli pa maiki. Magetsi a tchalitchi tiwasiyira nyale za panja basi.

Tabwereka majenereta awiri. Ya 6.5 kVA inyamula nyale zokha. Ya 3 kVA ya mtundu wa inverter, yotulutsa magetsi okhazikika, inyamula mikisa (makina osakanizira mawu), masipika, zida za oimba, laputopu ndi machaja a makamera. Kulekanitsa kumeneku sikongofuna kudzionetsa. Nyale za LED zikamachepetsedwa kuwala zimabweza chisokonezo mu waya, ndipo chimakatulukira mu sipika ngati kulira kwa udzudzu komwe kumakwera ndi kutsika motsatira nyale. Mikisa ndi laputopu zilinso pa UPS ya 1,500 VA, batire yosunga magetsi, kuti jenereta ikatsokomola kujambula kusaduke.

Majenereta aikidwa mamita 50 kuchokera pakhoma, kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, mbali yomwe mphepo imachotsa utsi. Pa mtunda wotere kukula kwa waya kuli ndi ntchito. Waya wa 2.5 mm² ukanyamula ma amp 10 pa mamita 50 umataya mavolti pafupifupi 9, pomwe wa 4 mm² umataya osakwana 6. Tatenga wa 4 mm², ndipo uyenera kutambasulidwa wonse. Wosiyidwa pa chokulungira umatentha. Chitsulo cha ethi cha mamita 1.2 chakhomedwa pafupi ndi majenereta. Dothi la kuno ndi mchenga wouma womwe sutenga magetsi bwino, choncho pathiridwe zidebe ziwiri za madzi masana a tsikulo ndi chimodzi madzulo. Petulo wakonzedwa malita 20 kuwerengera ndi nthawi yoyeserera. Matanki adzazidwe 5:30, chifukwa kuthira petulo mu jenereta yotentha ndi kuitana moto.

Magetsi a m'Malawi amayenda pa 50 Hz. Jenereta yaikulu inali pa 53 Hz popanda katundu, ndipo makanika waibweza kuti ikhale pa 50 nyale zonse zitayaka. Izi zikukhudza makamera, monga zalembedwa m'munsimu.

Lachitatu la sabata ya konsati: kuyala zamawu

Kwaya iima m'mizere itatu ya anthu 12 pa masitepe a kuguwa, kutambalala mamita 7. Mamaiki atatu a condenser, otola mawu ngakhale chapatali, akwanira. Aima pa masitandi, mamita 2.4 kuchokera pansi, masentimita 80 kutsogolo kwa mzere woyamba, ataloza pakamwa pa mzere womaliza. Akaloza mzere woyamba mumangomva anthu awiri kapena atatu amene ali pafupi, makamaka amene ali ndi mawu akuthwa. Pakati pa maiki ndi inzake pali mamita 2.4, kutsatira lamulo loti mtunda wa pakati pa mamaiki ukhale katatu kuposa mtunda wa maiki ndi oimba. Akayandikana kuposa apo, mawu a munthu mmodzi amafika m'mamaiki awiri pa nthawi zosiyana pang'ono, ndipo mukawaphatikiza amamveka ngati akuchokera m'chitini. A kwayamasita anafuna mamaiki 8. Tawamvetsera kusiyana kwake pa mahedifoni ndipo avomera atatu: maiki iliyonse yowonjezera imatola ng'oma zambiri kuposa kwaya.

Ng'oma zachizungu zachotsedwa pakati n'kupita pangodya ya kumanja, mamita 6 kuchokera ku maiki yapafupi ya kwaya, kumbali yomwe maikiyo siimva kwambiri. Kumbuyo kwake taimika matiresi awiri okutidwa ndi nsalu yakuda, pansi kapeti, ndipo m'ng'oma yaikulu ya mwendo mwaikidwa bulangete. Woimba ng'oma wapatsidwa timitengo tomanga mtolo m'malo mwa ndodo wamba, ndipo zimbale zazikulu ziwiri zachotsedwa. Sizinamukomere poyamba. Pempho linali limodzi: "Achimwene, imbani ngati mukuperekeza kwaya, mphamvu tidzaibweza pa mikisa." Atamva zomwe zajambulidwa wagwirizana nazo. Ng'oma zachikopa sizivuta motero chifukwa zilibe phokoso lakuthwa. Iliyonse yapatsidwa maiki imodzi chapafupi. Zikopa zimalefuka kukada, ndiye ziziwambidwa panja pa nthawi yopuma.

Besi ndi kiyibodi zalowa mu mikisa kudzera m'mabokosi a DI, olumikizira chida ku mikisa mwachindunji, ndipo masipika a zidazo (ma amp) sayatsidwa. Oimba zida onse akumvera pa mahedifoni. Masipika apansi, omwe oimba amadzimvererapo, atsala awiri okha, a otsogolera nyimbo, ndipo mulibe besi kapena ng'oma. Titalumikiza kiyibodi panamveka kung'ung'udza kosalekeza, chizindikiro choti ethi ikuyenda njira ziwiri. Kukanikiza batani la ground lift pa DI, lomwe limadula imodzi mwa njirazo, kwathetsa. Waya wa ethi wa pulagi usadulidwe pofuna kuthetsa phokoso limeneli, ngakhale ambiri amatero.

Masipika a anthu ndi anayi ang'onoang'ono, osati awiri akuluakulu. Awiri ali kutsogolo, awiri ena mamita 14 kumbuyo, onse atapendekera pansi kuti aloze mitu ya anthu osati khoma la kumbuyo. Mawu amayenda pafupifupi mamita 350 pa sekondi mu mpweya wotentha chonchi, choncho amatenga mamilisekondi 40 kudutsa mamita 14. Masipika a kumbuyo tawachedwetsa ndi mamilisekondi 50. Khumi owonjezerawo amachititsa khutu kukhulupirira kuti mawu akuchokera kuguwa. Ndi njira imeneyi a kumbuyo akumva bwino masipika a kutsogolo osakwezedwa, ndipo kubwerera kwa mawu sikukula. Mamaiki a kwaya alowa m'masipika pang'ono kwambiri. Anthu 36 m'nyumba iyi amamveka okha.

Mamaiki awiri omvera anthu aikidwa m'mbali, mamita 12 kuchokera kuguwa, mmwamba, ataloza mabenchi. Awa ndiwo amasiyanitsa konsati ndi nyimbo ya mu situdiyo. Ntchito yawo ndi kutola kuomba m'manja, kuyankhira kwa mpingo ndi kulira kwa nyumba yomwe.

Mikisa ndi Behringer X32. Matchanelo 32 akupita ku laputopu kudzera pa USB, pa 48 kHz ndi 24 bit, otengedwa asanakhudzidwe ndi mabatani osinthira ndi okwezera mawu (EQ ndi ma fader), kuti zomwe wosakaniza akuchita pofuna kusangalatsa a m'tchalitchi zisalowe m'zojambulidwa. Izi zimadya pafupifupi 17 GB pa ola. Chojambulira china chaching'ono chikutenga matchanelo awiri osakaniza kale ngati chodalira laputopu ikafa. Ma gain, omwe ndi mphamvu yolowera mawu mu mikisa, aikidwa kuti pofuula kwambiri mita ifike pa -12 dBFS, pansi pa malire pomwe mawu amayamba kusweka. Kwaya imaimba mokweza pamaso pa anthu kuposa poyeserera, ndiye malo osiya ayenera kukhalapo.

Lachinayi: nyale ndi makamera

Makamera ndi asanu. Yoyamba ili kumbuyo pakati, pa nsanja ya mita imodzi, ikutenga guwa lonse ndipo sisuntha. Ndiyo pothawira ena onse akasokonekera. Yachiwiri ili mamita 15 kuchokera kuguwa ndi lenzi ya 70-200 mm, ya nkhope za otsogolera nyimbo. Yachitatu ili kumanzere chapatsogolo, ikudutsa mizere ya kwaya chammbali. Yachinayi ndi yoyenda nayo. Yachisanu ndi yaing'ono, yobisika kuseri kwa kwaya, ikuyang'ana mpingo. Nsanja ya kamera yoyamba yapatulidwa: wojambula aime pa ina, kamera pa ina, apo ayi kupuma kwake komwe kumaoneka pa chithunzi.

Makamera onse ali pa mafuremu (zithunzi) 25 pa sekondi, shutter (nthawi yolowetsa kuwala) 1/50 ya sekondi. Makamera awiri obwereka anabwera ali pa 30 ndi 1/60, zomwe zimagwirizana ndi maiko a magetsi a 60 Hz. Kuno zimatulutsa mizere yoyenda pa chithunzi, makamaka pansi pa machubu akale a tchalitchi. Machubuwo azimitsidwa onse, chifukwa amapatsanso nkhope mtundu wobiriwira. White balance, yomwe imauza kamera mtundu wa kuwala, yaikidwa pamanja, 4,500 K pa makamera onse, ndipo onse ajambula pepala limodzi loyera paguwa kuti pokonza mitundu pakhale poyambira.

Nyale ziwiri za mawati 300 zili kutsogolo mbali zonse, mamita 4 mmwamba pa masitandi olemetsedwa ndi matumba a mchenga, zikuwala kudzera mu nsalu yofewetsa. Zinayi zili kumbuyo kwa kwaya chammwamba kuti mitu ipatuke ndi khoma. Zisanu ndi zitatu zazing'ono zili pansi m'mphepete mwa makoma zikuwalitsa njerwa chokwera. Izi zaikidwa pa mtundu wofunda umodzi, wosasinthasintha. Panali pempho la nyale zamitundumitundu zozungulira ndi utsi. Takana. Njerwa ndi mitanda ya denga ili ndizo chifukwa chojambulira muno, ndipo kuzipaka pinki ndi buluu ndi kutaya chomwe tinadzera. Utsi umakhalanso pammero pa oimba.

Yunifolomu ya kwaya ndi mabulauzi oyera. Ukatsegula kamera kuti nkhope zakuda zioneke bwino, zoyerazo zimapsa n'kutaya mizere yonse. Ukatseka kuti malaya aoneke, nkhope zimamira. Kwaya ili ndi yunifolomu ina ya buluu, ndipo yavomera kuvala imeneyo. Mtsogoleri mmodzi anali ndi shati ya timizere ting'onoting'ono tomwe timavina pa kamera, asintha. Thukuta lidzakhalapo ndithu, choncho aliyense wa kutsogolo akhale ndi kathaulo kopukutira pakati pa nyimbo, posindikiza osati popaka.

Lachisanu: kuyeserera konse

Usiku wa Lachinayi kunagwa kamvula koyamba, ndipo lero nyale zitangoyaka ngumbi zinalowa pa mazenera. Zinazungulira nyale za kumbuyo n'kumagwera pamitu ya oimba. Kutseka mazenera sikutheka ndi kutentha kumeneku. Taika nyale imodzi yowala kwambiri panja, mamita 20 kuchokera pakhoma, beseni la madzi pansi pake, ndipo iziyatsidwa theka la ola nyale za mkati zisanayake. Mazenera anayi oyandikira guwa atchingidwa ndi maneti a udzudzu opanikizidwa ndi nsungwi, popanda msomali. Ngumbi zachepa kwambiri.

M'denga muli mileme. Kuwala kukaifika imauluka kudutsa pa kamera yoyamba, ndipo kulira kwake kumalowa m'mamaiki a mpingo. Nyale za m'makoma zapendeketsedwa kuti kuwala kuthere pomwe khoma lathera. Mikisa ndi malenzi zizifunditsidwa nthawi zonse zikakhala sizikugwira ntchito, chifukwa zitosi zimagwa usana ndi usiku.

Kamera yachitatu inazima yokha patatha mphindi 52 ikujambula pa 4K. Mkati munali madigiri 34. Makamera ang'onoang'ono alibe fani, ndipo batire ya mkati imawonjezera kutentha. Tachotsa batireyo n'kuika yonamizira yolumikizidwa ku batire yaikulu ya panja, tatsegula sikirini kuti isagundane ndi thupi la kamera, ndipo kafani ka USB kamangiriridwa pa mwendo wa tripod. Itayesedwanso yadutsa mphindi 100 osadandaula. Mafani awiri a tchalitchi omwe ali pamwamba pa kwaya azimitsidwa pojambula chifukwa mphepo yawo imagunda mamaiki. Aziyatsidwa pa nthawi yopuma, ndipo madzi akumwa akhale pafupi.

Kugwirizanitsa mawu ndi zithunzi kwakonzedwa motere: makamera onse ayambe kujambula, munthu aombe thabwa paguwa ngati chizindikiro pomwe onse akuliona, ndipo makamerawo asaime mpaka nthawi yopuma. Kamera iliyonse ijambulenso mawu ndi maiki yake. Chofunika kukumbukira pokonza ndi chakuti furemu imodzi pa 25 ndi mamilisekondi 40, omwewo amene mawu amatenga kuyenda mamita 14. Kamera yachiwiri imamva furemu imodzi mochedwa, yoyamba pafupifupi mafuremu awiri. Kompyuta ikagwirizanitsa potsatira mawu a m'kamera, milomo imatsogola. Kamera yoyamba yapatsidwa mawu ochokera ku mikisa pa waya. Zinazo zidzakankhidwa pamanja potsatira thabwa.

Loweruka: konsati

Anthu anadzaza 5:50, ena ataima panja pa mazenera. Tinayamba 6:14. Nyumba itadzaza, kubwerera kwa mawu kunatsika moti nyimbo zovina zinamveka mawu ake onse mpaka kubenchi lomaliza.

Zovuta zinali zinayi. Nyimbo yachitatu ili mkati, kung'ung'udza kunabwerera m'matchanelo a kiyibodi ndi gitala. Wina anali atalumikiza chaja ya foni yotchipa pa soketi ya oimba zida. Itazulidwa kunatha, koma mphindi imodzi ndi theka zadetsedwa ndipo zifunika kusefa. Masoketi onse opanda ntchito aziphimbidwa ndi tepi. Chachiwiri, anthu ojambula ndi mafoni anadzaza mpata wa pakati n'kutchinga kamera yachiwiri pa nyimbo ziwiri. Asungamwambo awiri ataima pamenepo zinatha. Ayenera kuikidwa kuyambira pachiyambi, ndipo oyendetsa mwambo anene nyimbo imodzi yomwe aliyense ali womasuka kujambula. Chachitatu ndi nthungululu. Amayi atatu okhala pansi penipeni pa maiki ya kumanzere ya mpingo anaipyoza malire kangapo. Nthungululu imakwera kuposa kuomba m'manja kwa tchalitchi chonse, ndipo poyeserera panalibe woiimba. Gain inatsitsidwa ndi 8 dB pa nthawi yopuma. Chachinayi, maiki yopanda waya ya mtsogoleri wachiwiri inaduka kawiri atalowa pakati pa anthu, chifukwa cholandirira chake chinali pansi kuseri kwa mikisa ndipo matupi a anthu amatchinga. Chinakwezedwa pa sitandi mamita 2.

Gawo lachiwiri linayamba 7:18. Pa nyimbo zitatu zopanda zida masipika onse anazimitsidwa, anangotsala mamaiki ojambulira. Apa ndi pomwe tchalitchichi chinagwira ntchito yake: mabesi a mzere womaliza anadzaza nyumba popanda chowathandiza, ndipo mpingo utayankha nyimbo ya Chiyao, mamaiki a m'mbali anatola zinthu zomwe situdiyo iliyonse singapange. Nyimbo yachitatu ya gawo loyamba inabwerezedwa kumapeto anthu asanatuluke, kuti pakhale posankha. Tisanazimitse tinajambula mphindi imodzi ya kuomba m'manja kokha ndi ina ya tchalitchi chili chete, zolumikizira podula.

Makadi onse anakoperedwa usiku womwewo m'ma hard drive awiri, ndipo awiriwo sanagone nyumba imodzi. Pa 100 Mbps, iliyonse mwa makamera asanu imadya pafupifupi 45 GB pa ola. Zonse pamodzi ndi mawu zafika pafupifupi 500 GB. Khadi lisafufutidwe mpaka fayilo iliyonse itatsegulidwa n'kuonedwa pa ma drive onse awiri.

Sabata yotsatira: kukonza

Mawu ayamba, zithunzi pambuyo. Mamaiki a kwaya adulidwa zonse za pansi pa 130 Hz, komwe kumakhala besi ndi ng'oma zolowerera osati mawu a anthu. Ng'oma zikumvekabe m'mamaiki amenewa koma mochepa moti zikuthandiza kumanga nyimbo pamodzi. Mamaiki a mpingo ali m'mbuyo ndi mamilisekondi 34 chifukwa cha mamita 12 aja. Pa nyimbo zovina tawakokera kutsogolo kuti kuomba m'manja kugwere pa biti. Pa zofatsa tawasiya momwemo, chifukwa kuchedwako ndiko kumapereka kukula kwa nyumba. Eko ya pakompyuta sinawonjezeredwe paliponse kupatula pang'ono pa otsogolera nyimbo, omwe mamaiki awo anali pakamwa penipeni ndipo amamveka ouma poyerekeza ndi kwaya.

Eni kwaya apempha kuti ma soprano a nyimbo yachisanu ndi chiwiri ajambulidwenso mu situdiyo chifukwa anatsika pang'ono kumapeto. Sizitheka mwaukhondo: mawu akalewo ali m'mamaiki onse atatu ndi a mpingo omwe, ndipo atsopano adzakangana nawo. Malangizo athu ndi kuisiya momwe ilili, kapena kuichotsa yonse ngati sakukhutira. Ayankha Lachisanu.

Zithunzi zalowa mu pulogalamu yodulira kanema ya DaVinci Resolve ngati multicam, makamera onse akuoneka nthawi imodzi, ndi mafayilo opepuka odulira kuti laputopu isaleme. Kamera yachisanu yatsetsereka ndi mafuremu atatu pa mphindi 85 za gawo lachiwiri, chifukwa wotchi ya mkati mwake siyenda ndendende ndi ya mikisa. Ikugwirizanitsidwa nyimbo ndi nyimbo. Pa nyimbo zofatsa chithunzi chimodzi chizikhala masekondi 8 kapena kuposa. Kudumphadumpha kwa makanema a nyimbo zovina sikuyenera pano.

Zoyambira kanema zajambulidwa Lolemba m'mawa dzuwa lisanakwere: mlatho wa Bakili Muluzi pa Shire, nsanja ya wotchi ya Queen Victoria, mabwato pagombe, kenako khomo la tchalitchi. Zonse zisapitirire masekondi 25. Mfuti ya sitima ya Guendolen ndi chikumbutso cha anthu omwe anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946 tinazijambulanso koma sizilowa. Ndi mbiri yolemera yosayenera kungodutsidwa ngati chokongoletsera nyimbo.

Pofika lero nyimbo 9 zasakanizidwa, 5 zadulidwa zithunzi. Zotsala ndi kusefa nyimbo yachitatu kapena kutenga yobwereza ija, kukonza mitundu ya makamera awiri obwereka omwe akufiirira kuposa anzawo, ndi kulemba mawu a pansi pa chithunzi. A Chiyao alembedwe ndi kuwerengedwanso ndi anthu awiri a m'kwaya omwe ndi chiyankhulo chawo, asanaikidwe. Mawu atuluka pawiri: a YouTube pa muyezo wa kukwera kwa mawu wa -14 LUFS, a wailesi yakanema pa -23 LUFS, pokhapokha iwo atanena muyezo wina. Matiresi awiri ndi nsungwi zikadali m'nyumba yosungiramo katundu ya tchalitchi, ndipo galimoto ikazitenga Lachitatu pamodzi ndi chitsulo cha ethi, chomwe a komiti apempha kuti chizulidwe ana a Sande sukulu asanapunthwepo.